Pamchenga si pofewa: mafunde amene amakwera ndi akatswiri okha

Pa Khirisimasi yapitayi tinasonkhana kwa mayi ku Highfield, kuno ku Harare, banja lonse, ena pakhonde ena pamthunzi wa mtengo wa mapeyala. Titatha nsima, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito mu lesitilanti ina ku Durban anadzakhala pafupi nane, foni ili m'manja.

"Amalume, taonani izi."

Pafonipo panali munthu ataimirira pathabwa, akutsetsereka pa khoma la madzi obiriwira lotalika kuposa nyumba ya mayi. Kenaka madzi a pamwamba anapindika n'kumuphimba yense. Ine mumtima ndinati wapita ameneyo. Patadutsa masekondi atatu anatulukira mbali ina, thovu likumuthamangitsa, manja ali m'mwamba. Anati malowo ndi Zicatela, ku Mexico. Ndipo apa mpamene anaulula kuti papita miyezi isanu ndi itatu iye akuphunzira masewera omwewo Lolemba lililonse akakhala pa ofu, ndipo chaka chikamatha akufuna kukayesa gombe lina la ku Cape Town lotchedwa Dunes.

"Kulibe miyala kumeneko, amalume. Pansi ndi mchenga wokhawokha. Ukagwa ukugwera pofewa."

Mayi, amene anabadwira ku Nkhotakota ndipo anabwera kuno akadali mtsikana, anapempha foniyo, naiyang'ana patali monga amachitira maso akawavuta. Anangoti, "Madzi oimirira chonchi sasewera nawo, mdzukulu wanga. Kwathu mwera ukayamba, ngakhale mkulu wa asodzi amakokera bwato kumtunda."

Mawu akuti "ukugwera pofewa" ndi amene andikhazika pansi kulemba. Si mnyamatayu yekha amene amaganiza choncho. Tonse a kuno kumtunda, amene nyanja yamchere yapafupi ili ku Beira, makilomita oposa 500, timaona mchenga n'kuganiza kuti ngozi ili pamiyala basi.

Kwa amene sanaonepo, masewerawa amatchedwa surfing. Munthu amagona chafufumimba pathabwa lopepuka napalasa ndi manja kulowa m'nyanja. Funde likamabwera amatembenuka, napalasa mwamphamvu kuti afanane nalo liwiro, ndipo likamunyamula amadzuka kamodzin'kamodzi n'kuimirira. Pathabwapo amapaka phula kuti mapazi asaterereke, ndipo pa kakolo amamanga chingwe chochokera ku thabwalo. Anawatukula ndi anthu a ku Hawaii kalekale. Mu Olimpiki analowa koyamba ku Tokyo mu 2021, kumene Bianca Buitendag wa ku South Africa anatenga mendulo ya siliva.

Eni masewerawa amasiyanitsa malo poona chimene chili pansi pa madzi. Pamene mafunde amaswekera pa matanthwe a pansi pa nyanja amati reef break, monga Pipeline ku Hawaii ndi Teahupo'o ku Tahiti, kumene kunachitikira mpikisano wa Olimpiki wa 2024. Pamene funde limayenda mokhotera nsonga ya mtunda amati point break, ndipo yotchuka kuno kummwera ndi ya ku Jeffreys Bay. Pamene pansi pali mchenga amati beach break. Chisokonezo chimayambira apa, chifukwa pafupifupi aliyense amaphunzirira pamchenga. Ku Muizenberg ku Cape Town ndi ku Addington ku Durban mafunde amabwera ofatsa, ana a sukulu n'kumakwera akuseka. Koma dzina lomwelo la beach break ndi limenenso amatchulira Zicatela, La Gravière ku Hossegor m'dziko la France, Supertubos ku Peniche ndi Praia do Norte ku Nazaré, awiri omalizawa ku Portugal. Dzina ndi limodzi, koma zimene madzi amachita n'zosiyana kutalitali.

Kuti timvetse kusiyanako tiyambe ndi kumene funde limachokera. Funde silibadwira pamene limaswekera. Limabadwira kutali, kumene mphepo yaomba pamadzi mwamphamvu, kwa nthawi yaitali, pa mtunda wautali. Anthu a kunyanja kwathu amazidziwa izi osapita m'kalasi. Mwera umaomba motsata utali wa nyanja ya Malawi, makilomita oposa 500, ndipo ndiwo umautsa mafunde oopsa m'miyezi yozizira. Sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946, nyengo ya mwera, ndipo anthu 145 anafa. Komabe nyanja yathu ili ndi malire. Kummwera kwa Cape Town, kulowera ku Antarctica, kuli nyanja imene mphepo ya mkuntho imazungulira dziko lonse osakumana ndi chotchinga. Mafunde obadwira kumeneko amayenda makilomita zikwizikwi, ndipo m'njira amadzikonza okha: ang'onoang'ono amazimirira, aakulu n'kumayenda m'magulu, atatu, asanu, asanu ndi awiri, kenaka bata, kenaka gulu lina. Amatha kufika pagombe tsiku limene kulibe ndi kamphepo komwe, dzuwa likuwala bwinobwino. N'chifukwa chake kuyang'ana kumwamba sikukuuza kanthu za nyanja yamchere.

Chimene katswiri amafunsa poyamba si kutalika kwa funde ayi, koma masekondi amene amadutsa pakati pa funde lina ndi linzake. Mafunde otalikirana masekondi 6, ngati amene mphepo yapafupi imautsa, amakhala pafupifupi mamita 56 kuchoka pa msana wina kufika pa wina akakhala pakuya. Otalikirana masekondi 15 amakhala mamita 350, kuposa mabwalo atatu a mpira ataikidwa mondondozana. Funde lotere silili pamwamba pokha. Limagwedeza madzi mpaka kuya kwa theka la utali wake, mamita 175 pansi. Ukaliona patali limangooneka ngati kamzere, koma madzi amene likusuntha ndi ankhaninkhani. Mafunde awiri akhoza kukhala ofanana msinkhu, lina la masekondi 6 lina la 15, koma loyambalo lingokukankha, lachiwirilo likunyamula n'kukumenyetsa pansi.

Likafika posaya, funde limayamba kukhudza pansi ndipo limachepetsa liwiro. Mphamvu imene inali yomwazika pakuya imasowa kolowera, madzi n'kuunjikana, funde n'kuimirira. Limasweka likafika pamene kuya kwa madzi kwangoposa pang'ono msinkhu wake: funde la mamita awiri limaswekera pa madzi akuya pafupifupi mamita awiri ndi theka. Tsono nkhani yonse yagona pa mmene pansi pakwerera. Ngati mchenga ukukwera pang'onopang'ono kuchokera kutali, funde limataya mphamvu m'njira, ndipo limangofufuma pamwamba ngati phala lowira, thovu n'kumatsika mofatsa. Awo ndi malo ophunzirira. Koma ngati pansi pakwera mwadzidzidzi, kuchoka pakuya n'kufika pa mulu wa mchenga, funde limapunthwa. Tsinde lake limaima, mutu n'kupitirira, kudziponya kutsogolo n'kusiya mphako pakati. Mphako imeneyo ndi imene amati barrel kapena tube, ndipo ndi imene anthu amawolokera nyanja kukaifuna. Masekondi atatu kapena asanu ali m'katimo, munthu amawakumbukira moyo wake wonse. Ine sindiwanyoza. Ndaonera makanema ambiri otere ndipo mtima umagunda nthawi zonse.

Koma funde likamaimirira chonchi limayamwa madzi amene ali patsogolo pake. Pamene mphindi yapitayo panali pakuya kufika m'khosi, pamatsala madzi a m'chiuno kapena a m'mawondo, ndipo pamenepo mpamene mlomo wa funde umadzagwera.

Magombe angapo oopsa kwambiri ali ndi chinthu china chobisika: phompho la pansi pa nyanja lofika pafupi ndi mtunda. La ku Nazaré ndi lalitali pafupifupi makilomita 230, ndipo pena limazama mpaka mamita 5,000. Limathera pafupi ndi nsonga ya mtunda pamene pali linga lakale la São Miguel Arcanjo ndi nyali yake yotsogolera sitima. Mbali ya funde imene ikuyenda pamwamba pa phompholo sikhudza pansi, choncho imasunga liwiro ndi mphamvu zake, pamene mbali inayo yayamba kale kuchedwa posaya. Funde limakhota, mbali ziwirizo n'kukumana, n'kukwerana. Chimene chimatuluka ndi phiri la madzi losongoka pamwamba. Garrett McNamara wa ku America anakwera la pafupifupi mamita 24 mu Novembala 2011, ndipo dziko lonse linadziwa dzina la tauni ya asodziyi. Pa 29 Okutobala 2020 Sebastian Steudtner wa ku Germany anakwera la mamita 26.21. Muyerekeze nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu ya m'tauni, pa Samora Machel Avenue, ikuyenda kubwera kwa inu. Ku Hossegor kulinso phompho lotere, Gouf de Capbreton, ndipo ku Zicatela nakonso pansi pa nyanja pamazama pafupi ndi gombe, kotero mafunde ochokera kummwera kwa Pacific, makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala, amafika pamchenga asanatope.

Tsopano pa mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Thanthwe silisuntha. Amene wakwera Pipeline zaka khumi amadziwa pamene funde limayambira, pamene pali mpata wakuya wopalasira, pamene pali mwala woyenera kuupewa. Mchenga ulibe chikhalire. Pansi pa madzi pali mitumbira ya mchenga, ngati ya mbatata kudimba, ndi makwawa pakati pake, ndipo nyanja imailima mwatsopano nthawi ndi nthawi. Namondwe mmodzi akhoza kufafaniza mtumbira umene unalipo miyezi itatu n'kuumba wina kwina. Pamene sabata yatha panali pabwino, lero funde likugwa lonse nthawi imodzi kuchokera uku mpaka uko, popanda kothawira. Amati closeout, ndipo pa magombe amenewa mafunde ambiri ndi otero. Luso lenileni n'kuzindikira, m'masekondi awiri kapena atatu, kuti ili litseguka, ili litseka. Ukalakwitsa, palibe kubwerera. Ku Zicatela matabwa amathyoka pakati ngati bango, ndipo eni ake saona chachilendo.

Ngakhale kungofika kumene mafunde akuyambira ndi nkhondo. Pa point break munthu amazungulira pambali pabata, tsitsi louma. Pa beach break yamphamvu, kawirikawiri njira ndi yomweyo imene mafunde akugwera. Funde likabwera amakanikiza mphuno ya thabwa pansi n'kumira nalo, kudutsa kunsi kwa thovu, n'kutulukira kuseri. Kamodzi n'kosavuta. Koma kakhumi motsatizana, mapewa akuyaka, mpweya ukuperewera, kenaka n'kudzutsa mutu n'kuona gulu lalikulu likubwera iwe uli pakati penipeni pogwera, pamenepo mpamene pamaoneka amene thupi lake linakonzeka.

Za kufewa kwa mchenga ndili ndi umboni wa thupi langa. Ulendo wanga woyamba ku Durban, tinapita ndi gulu la kutchalitchi, makilomita pafupifupi 1,700 pa basi kudzera ku Beitbridge. Ndinalowa m'madzi ofika m'mawondo okha. Ndinatembenuka kuti ndikodole mayi a kunyumba amene anali pamtunda, nyanja n'kuipatsa msana. Sindinalione. Ndinangomva khuu pamsana, miyendo m'mwamba, phewa pansi. Mchenga wonyowa wotsenderedwa ndi madzi ndi wolimba ngati bwalo lopondedwa la m'chilimwe. Ndinagubuduzika osadziwa kumwamba ndi kuti, m'kamwa ndi m'makutu muli mchenga, ndipo pamene ndimati ndidzuke madzi obwerera anandikoka miyendo. Mnyamata wina wa pagombepo ndi amene anandigwira mkono. Phewalo linandiwawa masabata atatu, osatha kukweza dzanja kuvala malaya. Fundelo silinapose pachifuwa panga. Mpaka lero ndimaganiza kuti chikanatsogola ndi mutu m'malo mwa phewa, bwenzi nkhani ili ina.

Tisaiwale kuti madzi amalemera. Malita 1,000 a madzi amchere ndi makilogalamu 1,025, kuposa matumba 20 a simenti. Thanki la malita 5,000 limene ambiri kuno ku Harare taimika kuseri kwa nyumba limalemera matani asanu likadzaza. Mlomo wa funde la mamita atatu uli ndi matanki otere angapo, ndipo ukugwa ukuthamanga. Ndiponso mphamvu ya funde sikula mofanana ndi msinkhu wake: msinkhu ukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Amene wazolowera funde la mita imodzi n'kumati la mamita atatu ndi katatu chabe akudzinamiza, chifukwa ndi kasanu n'kanayi. Kuvulala kofala pa magombe otere n'kuguluka phewa, kuthyoka nthiti, kuphulika kwa m'khutu, kuchekedwa ndi zipsepse za thabwa, ndipo choopsa kwambiri, kuthyoka khosi kapena msana. N'chifukwa chake amaphunzitsana kuti pogwa usatsogoze mutu, ndipo uphimbe mutu ndi mikono mpaka utatulukira pamwamba, poti thabwa lako lomwe, lokokedwa ndi chingwe, likhoza kukubwerera kumaso.

Funde likakumiza, kusambira sikuthandiza msanga. Thovu ndi madzi osakanikirana ndi mpweya, ndipo sanyamula thupi ngati madzi enieni. Ukapalasa manja amangopita. Akatswiri amati chofunika n'kudzileka, kusunga mpweya, kudikira kuti likusiye. Nthawi zambiri ndi masekondi ochepa, khumi kapena khumi ndi asanu. Aliyense atakhala pampando angathe kusunga mpweya nthawi imeneyo. Koma yesani mutathamanga kukwera chitunda cha Kopje, wina akukugwedezani, m'maso muli bii. Ndipo choopedwa ndi onse n'chakuti funde lachiwiri lifike usanapume. Chimapha anthu ambiri pamenepa ndi mantha: munthu amaphupha, mpweya n'kutha msanga, n'kumeza madzi.

Gawo lotsatirali likukhudza aliyense wa ife amene amatengera ana kunyanja pa Disembala, ngakhale amene sadzagwirapo thabwa. Madzi onse amene mafunde amakankhira kumtunda ayenera kubwerera. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pagombe zimachitikadi momwemo: amafuna mpata pakati pa mitumbira, n'kuukumba, n'kumathamangira pamenepo kubwerera m'nyanja ngati mtsinje. Amautcha rip current. Kuipa kwake n'kwakuti umaoneka ngati malo abwino. Uku ndi uku mafunde akusweka, thovu lili mbee, koma pakati pali kanjira ka madzi akuda, odekha, opanda funde. Mlendo amasankha pamenepo, n'kuuza ana kuti sewerani apa pali bata. Pali bata chifukwa ndi pakuya, ndipo madziwo akupita.

Nthawi zambiri mtsinjewu umayenda pafupifupi theka la mita pa sekondi, koma umatha kupitirira mamita awiri pa sekondi. Kirsty Coventry, mwana wa mu Harare muno, amene tsopano ndi mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, pamene ankatenga golide ku Beijing mu 2008 anasambira chagada mamita 200 m'mphindi 2 ndi masekondi 5. Kumeneko ndi mita imodzi ndi theka n'kanthu pa sekondi. Ngati iye sangalimbane ndi mtsinje wotere utakwiya, nanga ine ndi inu? Bungwe la United States Lifesaving Association limati mwa anthu khumi alionse amene amapulumutsidwa pa magombe a mafunde, oposa asanu ndi atatu amakhala atakokedwa ndi madzi amenewa. Mtsinjewu sukokera munthu pansi. Umangomutengera kutali, ndipo umafooka ukadutsa pamene mafunde akuswekera. Amene amamira ndi amene akulimbana nawo kufuna kubwerera pomwe anachokera, mpaka mphamvu kutha. Chochita n'kuyandama, kukweza dzanja kuti akuone, ndipo ngati ungathe, kusambira cham'mbali motsata gombe mpaka utatulukamo. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu zimene opulumutsa anthu amazika. Ndipo wina akamakokedwa musadumphiremo chimanjamanja, poti mabanja ambiri ataya awiri m'malo mwa mmodzi. Ku South Africa bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI lakhala likupachika zoyandamitsa zapinki m'magombe kuyambira 2017, kuti munthu aponyere mnzake kapena alowe nacho.

Chodabwitsa n'chakuti mtsinje womwewo katswiri amaufunafuna. Amalowa dala pamenepo kuti umutengere kunja msanga, n'kutulukamo pamene akufuna. Madzi ndi omwewo. Kusiyana n'kwakuti wina akudziwa chimene chikumuchitikira.

Choncho akati gombe ili ndi la akatswiri okha, si kunyada, ndipo sakunena za kulimba mtima. Olimba mtima ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo ali m'manda. Akunena za zaka. Katswiri amafika pagombe n'kukhala pansi mphindi makumi awiri kapena theka la ola asananyowe. Amawerenga mafunde a gulu lililonse ndi nthawi ya bata pakati pake. Amaona kumene thovu likulowera. Amamva mphepo: yochokera kumtunda imagwira nkhope ya funde kuti iime yosalala ndi kutsegula mphako, yochokera kunyanja imaliphwanya. Amadziwa nthawi ya madzi, chifukwa nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25 kuchoka pa kudzaza kwina kufika pa kwina, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima kusiyanako kumakula. Amene anafika ku Beira anaona mmene madzi amathawira kutali n'kusiya matope, kenaka n'kubwerera. Mtumbira umene unali wabwino m'mawa madzi atadzaza ukhoza kusanduka msampha masana ataphwa. Ndipo katswiri amadziwa kubwerera kunyumba thabwa lili louma.

Palinso za anzako m'madzimo. Lamulo lawo n'lakuti funde ndi la amene ali pafupi kwambiri ndi pamene layambira kusweka. Wophunzira amene sadziwa izi, kapena amene amataya thabwa lake akaona funde lalikulu, amavulaza ena. Thabwa losongoka lotengedwa ndi matani a madzi ndi mkondo. Ndipo akavutika, wina ayenera kuika moyo wake pachiswe kukamutenga. Mlendo pagombe amafunsa eni ake. Safunsa anadya phula.

Ngakhale akatswiriwo sapulumuka nthawi zonse. Ku Nazaré mafunde akakula sapalasa ndi manja. Amakokedwa ndi jet ski, njinga yamoto ya pamadzi, atavala majekete odzaza mpweya akakoka kachingwe, anzawo ali pamwamba pa thanthwe ndi mawailesi kuuza woyendetsa kumene munthu watulukira. Zonsezi zilipo, Maya Gabeira wa ku Brazil anatulutsidwa m'madzi atakomoka mu Okutobala 2013, mwendo utathyoka, ndipo anatsitsimutsidwa pamchenga. Anabwereranso patapita zaka, ndipo mu 2020 anakwera funde la mamita 22.4. Mnzake wa dziko lomwelo, Márcio Freire, amene anakwera mafunde aakulu a ku Hawaii kwa zaka zambiri, anafera pomwepo mu Januwale 2023 ali ndi zaka 47.

Dunes imene mnyamata wathu akuilota si Nazaré, koma si malo a munthu wa miyezi isanu ndi itatu. Ili pa gombe lalitali la Noordhoek, ndipo kuti ufike umayenda pamchenga pafupifupi theka la ola utanyamula thabwa. Imakoma mphepo ya kummwera chakum'mawa ikamaomba, ndipo mphepo yomweyo ndi imene imabweretsa madzi ozizira kwambiri a pansi pa Atlantic, osiyana kutali ndi ofunda a ku Durban. Kuzizira kumadya mphamvu ndi mpweya womwe. Ukavulala, thandizo lili kutali. Za shaki ndi zimene anthu amayamba kufunsa, makamaka amene anaonera katswiri wa masewerawa Mick Fanning akulimbana ndi shaki pa wailesi yakanema ku Jeffreys Bay mu Julayi 2015. Zilipodi m'madzi amenewo, koma anthu amene amamira chaka chilichonse ndi ochuluka kwambiri kuposa amene amalumidwa.

Mlongo wanga ankafuna kuti ndimuletse mwanayo. Ndinakana, ndipo ndinamuuza chifukwa. Makolo athu anachokera kunyanja, ku Nkhotakota, ku Mangochi, ku Nkhata Bay, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a Salisbury, Harare wa lero. Ana awo tinakulira ku Mbare, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku, ndipo ambiri sitidziwa kusambira. Ochepa anaphunzirira pa dziwe la George Hartley ku Mbare, enafe tinangouzidwa kuti ku Chivero kuli ng'ona, usayandikire. Ku South Africa magombe abwino anali a azungu okha mpaka cha mu 1989, ndipo panapita zaka pafupifupi makumi atatu kuti Michael February wa ku Cape Town, munthu wakuda, alowe mu mpikisano waukulu wa dziko lonse mu 2018. Mdzukulu wa msodzi akabwerera kumadzi, ine ndimaona chinthu chabwino. Ndiponso funde la mphako lilipo ngakhale kwathu kuno: kunsi kwa Victoria Falls, pa mathithi a nambala 11 a Zambezi, madzi akafika pa mlingo wake kwa masabata ochepa pachaka pamaima funde losasuntha limene akatswiri ochokera kunja amabwera kudzakwera. Chimene sindikufuna n'chakuti alumphe makwerero. Kanema wa pafoni amaonetsa masekondi atatu aja. Saonetsa zaka khumi ndi zisanu za m'mawa uliwonse, kapena mafunde makumi awiri amene munthuyo anawasiya dala tsiku lomwelo.

Tinakambirana pa Roadport tikudikira basi yake, chikwama chili pakati pa miyendo, m'thumba muli mtedza wokazinga umene agogo ake anamupatsa. Ndinamufunsa ngati angathe kusambira kuchoka kumene mafunde akuyambira kufika kumtunda popanda thabwa, poti chingwe chimaduka. Anakhala chete, kenaka anati sanayesepo. Tinagwirizana kuti ayambe ndi chimenecho, pamaso pa opulumutsa anthu, ndiponso kuti asalowe m'madzi yekha, ndipo za Cape Town tidzakambenso pakapita zaka.

Mu Febuluwale, nyengo imene anamondwe a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, a mtundu wa Idai ndi Freddy amene anatiliza, amatumiza mafunde aakulu ku magombe a kum'mawa, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anati, "Amalume, lero kwakula. Sindinalowe. Ndakhala pa mlatho wolowa m'nyanja wa New Pier maola awiri kuonera akuluakulu. Matabwa awiri athyoka ndikuona. Ndawerenga, akumatalikirana masekondi 13, ndipo mtsinje uja munkanena ndauona, ukudutsa m'mbali mwenimweni mwa mlatho."